Galamafoni yanga yasiya kuzungulira, ndiike adaputa iti?

Wowerenga wina walemba kuti galamafoni yake, ya mtundu woyendera lamba, inangoima chimbale chili mkati moimba. Pa adaputa yomwe inabwera ndi makinawo palembedwa 16V ~ 500mA. Poganiza kuti adaputayo ndiyo yafa, anatenga ina yomwe inali m'nyumba, ya 15V ndi 2A, ndipo pulagi yake inalowa bwinobwino. Koma atayatsa, mbale yomwe chimbale chimakhalapo sinazungulire. Mota inangodzidzimuka kamodzi, n'kuima, kenaka n'kuyamba kufunda. Akufuna kudziwa ngati makinawo awonongekeratu, komanso momwe angapezere adaputa yolowa m'malo mwa yakaleyo.

Mwachita bwino kulemba zonse zomwe zili pa adaputa yakaleyo, pakuti nkhani yonse yagona pa kachizindikiro kamodzi komwe anthu ambiri amakadumpha powerenga. Koma tisanafike kumeneko, zulani adaputa yachiwiriyo ndipo musaiyesenso, ngakhale mongoonera. Ngati munazimitsa msanga mota itangoyamba kufunda, osafika pomva fungo la zopserera, mwayi ndi waukulu kuti galamafoni yanu idakali bwino.

Kachizindikiro ndikunenako ndi kamzere kokhotakhota kaja, ~, komwe kali pakati pa 16V ndi 500mA. Kamatanthauza kuti adaputayo imatulutsa magetsi a AC, omwe amapita n'kubwerera ka 50 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse monga momwe amachitira a m'khoma, kungoti mphamvu yawo yatsitsidwa kufika pa mavolti 16. M'kabokosi kameneko muli thiransifoma basi. Adaputa yomwe munayesa ija, malinga ndi zomwe mota inachita, ndi ya DC, magetsi oyenda njira imodzi ngati a batire. Mukaiyang'ana mupezapo mzere wowongoka wokhala ndi timizere todukaduka kunsi kwake. Pafupifupi adaputa iliyonse yomwe munthu angaipeze m'nyumba masiku ano, ya laputopu, ya foni, ya kamakina ka intaneti, ndi ya DC. Ndipo musanyengedwe ndi mawu akuti AC adapter omwe amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa zambiri mwa izo. Mawuwo akungonena kuti imalumikizidwa kukhoma. Chomwe imatulutsa chalembedwa pamzere woyamba ndi mawu akuti OUTPUT, ndipo ndi mzere umenewo womwe muyenera kuwerenga.

Mota ya m'galamafoni yanu ndi ya mtundu wotchedwa synchronous. Ilibe chipangizo china choiuza liwiro, imangotsatira kupita ndi kubwerera kwa magetsi. Magetsi akatembenuka, mphamvu ya maginito m'mawaya okulungidwa mkati mwake imatembenuka nawo n'kukoka chitsulo chapakati kuti chisunthe pang'ono. Akatembenukanso, chimasunthanso. Mukaipatsa DC, chitsulocho chimakokedwa kamodzi kokha kenaka n'kugwidwa pomwepo, ndiye kudzidzimuka munaona kuja. Nthawi yonse yomwe yagwidwa choncho magetsi amapitirira kudutsa m'mawaya, ndipo poti sakugwira ntchito yozunguza chilichonse, amasanduka kutentha. Mawaya amenewa ndi opyapyala kwambiri, opakidwa vanishi kuti asakhudzane. Vanishiyo akapsa, mota yatha.

Msampha umenewu umagwira ngakhale anthu osamala. Kampani ya Pro-Ject ya ku Austria inkapanga magalamafoni ambiri a 16V AC, kenaka inatulutsa ena ooneka chimodzimodzi, a mayina ofanana kupatula zilembo za DC kumapeto, omwe amafuna 15V DC chifukwa mkati mwake anaikamo kabolodi kopangira mota magetsi ake a AC. Mavolti 16 ndi 15 amaoneka ngati n'chimodzimodzi, koma adaputa ziwirizi sizisinthanitsidwa. A Rega a ku England amagwiritsa ntchito 24V AC pa magalamafoni awo a Planar a masiku ano, pomwe Audio-Technica AT-LP120XUSB imafuna 12V DC. Palibe muyezo umodzi womwe opanga onse anagwirizana, ndipo kabowo kolowetsamo pulagi sikanena chilichonse za magetsi omwe makina akufuna.

Mwina mukukayikira kuti 2A ija ndiyo inachuluka. Ayi, imeneyo ilibe mlandu. Nambala ya mA kapena A ili ngati kuzama kwa chitsime: wotunga amatenga madzi okwana ndowa yake, chitsimecho chikhale chakuya bwanji. Makina amakoka zomwe akufuna. Vuto limabwera adaputa ikakhala yochepera, pakuti imatentha, mavolti ake amatsika, ndipo sichedwa kufa.

Tsopano funso lomwe simunafunse koma ndi lofunika kuposa onse: kodi adaputa yakaleyo inafadi? Mwangoiganizira, simunaiyeze. Galamafoni yoyendera lamba ikaima chimbale chili mkati, woyamba kumukayikira ndi lamba. Mphira amatamuka akakalamba, amatha kuvuka kapena kuduka, ndipo wina amasungunuka n'kukhala phula lakuda lomata. Bwezerani adaputa yakale, nyamulani mbale kuti muone kachitsulo ka pamutu pa mota komwe lamba amadutsapo, ndipo yatsani. Kakazungulira, magetsi alibe vuto, gulani lamba. Kumbukiraninso kuti magalamafoni ena sayamba kuzungulira mpaka mkono wonyamula singano utasunthidwira kuchimbale, chifukwa switchi yake inabisika kunsi kwa mkonowo. Yesaninso soketi ya kukhoma ndi chinthu china, ndipo ngati pulagi ya kukhoma ili ndi fyuzi mkati, ionani.

Mota ikakhala chete, pakufunika mita yoyezera magetsi, multimeter. Ngakhale yotsika mtengo ikwanira. Apa pali cholakwika chomwe chimatayitsa adaputa zabwinobwino: munthu amaika mita pa DC n'kuyeza adaputa ya AC, mita n'kuonetsa ziro, iye n'kuweruza kuti yafa. Ikani mita pa V~, pomwe imayezera AC, lumikizani adaputa kukhoma isanalowe m'galamafoni, ndipo khudzitsani nsonga imodzi ya mita mkati mwa kabowo ka pulagi, inayo pachitsulo chakunja. Musadabwe mukaona mavolti 18 kapena 19 m'malo mwa 16. Thiransifoma yopanda katundu imaonetsa mavolti okwererapo, amatsikira pa nambala yolembedwa ija ikayamba kukokedwa. Mukuyeza choncho, pindani waya pang'onopang'ono pomwe akutulukira m'kabokosi ndi pomwe akulowera m'pulagi. Nambala ikamabwera n'kumasowa, waya waduka mkati mwa chikopa chake, ndipo kukonza kwake n'kongodula pamalo oduka n'kulumikizanso.

Ikaonetsa ziro ngakhale mupinde waya chotani, izuleni kukhoma, sinthani mita ikhale pa ma ohm, omwe amayeza momwe waya akukanizira magetsi kudutsa, ndipo yezani pakati pa mano awiri a pulagi ya kukhoma. Thiransifoma yamoyo imaonetsa nambala inayake, kawirikawiri ma ohm mazana angapo. Mita ikasonyeza kuti palibe njira konse, ndiye kuti waya wa mkati waduka kapena kafyuzi ka kutentha komwe opanga amakakwirira m'mawaya kapsa. Kafyuzi kameneka kanaikidwa kuti nyumba isapse. Pali amisiri omwe amathyola kabokosi n'kukadumphitsa ndi waya, ndipo adaputa imayambadi kugwira ntchito, koma ine sindingalole chinthu chotero kugona cholumikizidwa kukhoma m'nyumba ya munthu aliyense. Adaputa yotere ndi yotaya. Dulani waya wake pamodzi ndi pulagi yaing'onoyo musunge, mudzaifuna.

Musanalumikize yatsopano, dzifunseni chomwe chinapha yakale. Nthawi zambiri ndi ukalamba ndi kutentha, makamaka ngati inkakhala cholumikizidwa usana ndi usiku, pakuti thiransifoma imafunda ngakhale galamafoni ili chozimitsa. Koma nthawi zina wopha ali m'makina momwemo, ndipo adzaphanso yatsopanoyo. Chilichonse chitazulidwa, zunguzani mutu wa mota ndi zala. Uyenera kuyenda mosavuta, ukumveka ngati ukudumpha timapiri ting'onoting'ono, koma osalimba. Chotsani lamba, kankhani mbale ndi dzanja: izungulire yokha kwa kanthawi, osaima msangamsanga. Ikaima msanga, girizi kapena oyilo wa pamtima pomwe mbale imakhalapo wauma. Kenaka yezani ma ohm pa kabowo kolowera magetsi m'galamafoni, switchi itayatsidwa. Nambala yoyandikira ziro ikutanthauza kuti mawaya akhudzana penapake. Mita ikasowa njira, ndiye kuti switchi yafa, waya wathothoka, kapena mtovu womatira kabowo wang'aluka, zomwe zimachitika kawirikawiri chifukwa cha kuzula ndi kulowetsa pulagi. Kwa inu kuyeza uku n'kofunika kawiri, chifukwa mota yanu yalawa DC. Mota yotere ili ndi mikulungo iwiri ya waya, ndipo mmisiri akaiyeza payokhapayokha iyenera kuonetsa nambala zofanana kapena zoyandikana kwambiri. Umodzi ukatsika kutali ndi unzake, vanishi wapsa.

Palinso kachipangizo kamodzi kakang'ono komwe kamanamiziritsa adaputa, kapasita ya pambali pa mota. Ntchito yake ndi kuchedwetsa magetsi opita ku mkulungo wachiwiri kuti mota idziwe koyambira kuzungulira. Ikafooka, mota imangonjenjemera n'kumadikira kuti muikankhe ndi chala, ndipo nthawi zina imayamba kuzungulira chobwerera. Mukaona zimenezi adaputa itayezedwa n'kupezeka bwino, sinthani kapasitayo ndi ina ya nambala zomwezo. Ndi kanthu kotsika mtengo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona galamafoni yabwino ikutayidwa chifukwa cha iko.

Tifike pogula. Adaputa yanu iyenera kukhala ya AC potulutsa, ya mavolti 16, ndi 500mA kapena kupitirirapo. Ogulitsa ena amalemba VA m'malo mwa mA. Chulukitsani 16 ndi 0.5, mupeza 8VA, choncho chilichonse chochokera pa 8VA kukwera chikwanira. Ya 1000mA ili bwino. Sindikulangizani kukwera kwambiri kuposa apo, chifukwa thiransifoma yaikulu yomwe ikukokedwa pang'ono imakhalabe pa mavolti okwera aja. Ndipo pa mota ya mtundu wanu, mavolti ochuluka saonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Amangoonjezera kutentha ndi kunjenjemera, kunjenjemerako kumadutsa m'lamba ndi m'thabwa n'kukafika kusingano, inu n'kumakumva ngati kulilima kunsi kwa nyimbo. Mavolti akachepa, mota imasowa mphamvu yonyamulira mbale poyamba.

Koyamba kufunsa ndi kwa opanga galamafoniyo kapena ogulitsa ovomerezeka ndi iwo, mutawapatsa dzina ndi nambala ya makina zomwe zalembedwa kumbuyo kapena kunsi kwake. Zikakanika, musataye mtima. Adaputa zotulutsa AC n'zosowa m'masitolo a zamafoni, koma zimagwiritsidwa ntchito kwina: ma alamu a m'nyumba ambiri amayendera 16V AC, ndipo makamera ena achitetezo komanso makina othirira mbewu odziyendera okha amayendera 24V AC. Ogulitsa zipangizo zimenezi ndi ogulitsa tizipangizo ta amisiri a zamagetsi ndiwo oyenera kuwafunsa. Mmisiri wodziwa ntchito angathenso kukuikirani thiransifoma ya 16V m'kabokosi kotsekeka bwino, ndi fyuzi yake.

Pali njira yodziwira wogulitsa amene sakudziwa chomwe akugulitsa. Adaputa yotulutsa AC imalemera m'manja chifukwa mkati muli chitsulo ndi kopa, ndipo imalandira mavolti a mtundu umodzi okha, monga 230V kapena 120V. Akakupatsani yopepuka yolembedwa kuti imalandira 100-240V, imeneyo ndi ya DC, kaya papaketi palembedwa chiyani. Zomwe zili ndi kabatani kosankhira mavolti osiyanasiyana komanso mapulagi ambirimbiri nazonso ndi za DC.

Pulagi isakuvuteni mutu. Zofala kwambiri ndi ziwiri, zonse za mamilimita 5.5 kunja, koma kabowo ka mkati ndi ka 2.1 kapena 2.5. Ndi maso simungazisiyanitse. Ya 2.5 imalowa pamalo a 2.1 koma imakhwepa, ndiye magetsi amaduka mukangogwedeza tebulo. Ya 2.1 simalowa pamalo a 2.5, ndipo mukaikakamiza muthyola kamsomali ka mkati. Apa ndi pomwe waya munasunga uja akugwira ntchito: mmisiri amulumikize ku adaputa yatsopano. Poti ndi AC, palibe waya wa + kapena wa -, aliyense akhoza kupita mbali iliyonse.

Kwa ena owerenga omwe magalamafoni awo ndi a DC, pamenepa mpomwe pali ngozi yanu. Pa adaputa kapena pafupi ndi kabowo pamakhala kachithunzi kosonyeza ngati + ili pakati pa pulagi kapena kunja. Zambiri + imakhala pakati, koma osati zonse: adaputa za 9V za tizipangizo topondaponda ta oimba gitala zimakhala ndi - pakati. Mukatembenuza, kabolodi koyendetsa liwiro kakhoza kupsa m'kuphethira kwa diso. Mavolti akhale enieniwo, 12 pa 12, 15 pa 15. Dziwaninso kuti adaputa ya DC yopepuka ikamakalamba imatha kuonetsa mavolti oyenera pa mita koma n'kugwa ikangolumikizidwa ku makina, chifukwa makapasita ake auma. Zizindikiro zake ndi kagetsi kophethiraphethira, mbale yoyamba n'kuima, kapena liwiro losakhazikika. Musaitsegule. Mkati mwake muli kapasita yomwe pa magetsi a 230V imasunga mavolti oposa 300, ndipo imatha kuwasungabe adaputa itazulidwa kale. Chenjezo lomwelo likhudza magalamafoni opanda adaputa, monga Technics SL-1200, omwe waya wake amachokera kukhoma n'kulowa m'makina mwachindunji. Amenewo kutsegula n'kwa mmisiri, ndipo fyuzi ikapsa ilowedwe m'malo ndi ya nambala ndi chilembo chomwecho, osati waya.

Simunanene komwe galamafoni yanu inagulidwa, koma ngati inachokera kudziko lina, pali nkhani ina yomwe adaputa siingathetse. Ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa magetsi ndi a 220 mpaka 240V pa 50Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Ku United States ndi Canada ndi 120V pa 60Hz. Ku Japan ndi 100V, kum'mawa kwa dzikolo 50Hz, kumadzulo 60Hz. Thiransifoma imasintha mavolti okha, ma Hz amadutsa momwe alili. Poti mota yanu imatsatira ma Hz, galamafoni yopangidwira 60Hz ikayendera 50Hz imazungulira pafupifupi ka 27.8 pa mphindi m'malo mwa 33⅓, mawu a woimba n'kukhuthala ndi kukokeka. Yopangidwira 50Hz ikapita ku 60Hz imathamanga ka 40. Mankhwala ake ndi kusintha kachitsulo ka pamutu pa mota kaja ndi ka kukula koyenera, kapena kugula kabokosi kapadera kopanga ma Hz akeake. Ngati makina anu ankaimba bwino pamalo omwe muli asanaime, ndime ino sikukukhudzani, kungoti adaputa yatsopano ikhale yolandira mavolti a m'khoma mwanu.

Adaputa ikafika, iyezeni ndi mita isanakhudze galamafoni. Kenaka yatsani lamba atachotsedwa, muone ngati mota ikuyamba yokha komanso mwakachetechete. Isiyeni izungulire mphindi khumi muikhudze. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa kwa mota za mtunduwu, koma ikamatentha moti chala sichingapirire, zimitsani, vanishi uja anapsa ndithu. Zikayenda bwino bwezerani lamba, matani kapepala m'mphepete mwa mbale, ndipo werengani. Pa liwiro la 33⅓ mbale imazungulira ka 100 ndendende m'mphindi 3. Pa 45 imazungulira ka 45 m'mphindi imodzi. Ikapelewera kamodzi kapena kawiri, kayikirani lamba wotamuka kapena oyilo wouma, osati adaputa.

Chotsala ndi pomwe muiike. Katiriji yonyamula singano imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, pafupifupi 3 mpaka 5mV (mV ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a volti) pa mtundu wofala wa katiriji wotchedwa MM, ndipo gawo la ampulifaya lolandira galamafoni limatikweza pafupifupi ka 100. Mawu otsika amakwezedwa koposa apo potsatira muyezo wa RIAA womwe opanga zimbale amagwiritsa ntchito, moti pa 50Hz kukwezako kumachulukitsidwanso pafupifupi ka 7. Thiransifoma imamwaza mphamvu ya maginito ya ma Hz omwewo mozungulira kabokosi kake, ndiye ikakhala pafupi ndi katiriji kapena ndi mawaya opita ku ampulifaya, mudzamva kung'ung'udza m'masipika. Iikeni pansi, kutali momwe waya angalolere, ndipo waya wake asayende limodzi ndi a nyimbo. Akakhala kuti akumana, adutsane mopingasa. Kung'ung'udza kukamveka, siyani ampulifaya choyaka muzule adaputa kukhoma. Kukatha, sunthani adaputayo. Kukapitirira, vuto lili kwina, ndipo koyamba kuyang'ana ndi waya wopyapyala wa GND, kapena kuti wa ethi, wochokera kumbuyo kwa galamafoni, ngati wamangidwa zolimba pa sikulu yake kumbuyo kwa ampulifaya.